Mmene mungawerengetsere mthunzi wa pazenera nyumba isanamangidwe

Dzuwa likangodutsa galasi, basi lalowa. Kuwala kwake kumagwa pansi, pakhoma ndi pamipando, n'kusanduka kutentha, ndipo kutenthako sikutulukanso mosavuta mmene kuwala kunalowera. N'chifukwa chake malamulo oona za kutentha ndi kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu m'nyumba masiku ano sakuthera pa kuchindikala kwa khoma ndi denga. Akufunsanso kuti zenera lililonse lili ndi mthunzi wochuluka bwanji, mwezi uti, ola liti. Ku France lamulo la RT 2012 linalowedwa m'malo ndi RE2020, lomwe linayamba kugwira ntchito pa nyumba zokhalamo pa 1 Januwale 2022. Ku England kuli Approved Document O kuyambira mu Juni 2022, ku United States pa nyumba zamalonda ndi nyumba zokhalamo zazitali amatsatira ASHRAE 90.1, ku South Africa kuli SANS 10400-XA. Mafomu ake ndi osiyana, koma dzuwa ndi limodzi ndipo masamu ake ndi omwewo.

Mapulogalamu a pakompyuta monga EnergyPlus amawerengetsa zonsezi ola lililonse la chaka chathunthu. Ngakhale zili choncho, ine ndimalimbikitsa kuti muyambe mwawerengetsa nokha papepala zenera limodzi kapena awiri. Munthu amene sadziwa kuti yankho liyenera kukhala cha pati, akalowetsa nambala yolakwika m'kompyuta amangolandira chimene chatuluka. Khalani ndi pulani ya nyumba, rula, pensulo ndi kakyuleta yokhala ndi mabatani a sin, cos ndi tan. Onetsetsani kuti kakyuletayo ili pa madigiri, pamwamba pakuoneka DEG.

Yambani ndi kumene zenera layang'ana

Imani m'chipinda m'maganizo, muyang'ane kunja molunjika. Kumene mwayang'anako ndiko mbali ya zeneralo. Timaiyeza m'madigiri kuchokera kumpoto, mozungulira ngati mivi ya wotchi: kumpoto 0, kummawa 90, kummwera 180, kumadzulo 270. Lembani nambala yeniyeni. Zenera la madigiri 200 musalilembe kuti "kummwera" n'kusiyira pomwepo, chifukwa madigiri 20 apendekera kumadzulowo ndi amene amabweretsa dzuwa lamasana.

Chenjerani ndi kampasi. Imaloza kumpoto kwa maginito, osati kumpoto kwenikweni, ndipo m'madera ena kusiyana kwake kumapitirira madigiri 20. Tengani kumpoto kwenikweni pa mapu a malowo kapena pa pulani ya woyeza malo. Pomwepo lembaninso latitude ya malo, ndiko kuti mtunda wake kuchoka pa ikweta m'madigiri. Ya kumpoto kwa ikweta tiilemba ndi +, ya kummwera ndi −.

Pezani kukwera kwa dzuwa

Dziko ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.45, choncho m'kati mwa chaka dzuwa limaoneka likusendera kumpoto kenako kummwera. Kusendera kumeneku kumatchedwa declination, ndipo pano tikulemba ndi d. Pa 21 Juni d amakhala +23.45, cha pa 21 Malichi ndi 23 Sepitembala amakhala 0, pa 21 Disembala −23.45. Wa tsiku lina lililonse mumupeza motere, n kukhala nambala ya tsikulo m'chaka kuyambira pa 1 Januwale:

d = 23.45 × sin[360 × (284 + n) ÷ 365]

Dzuwa likafika paliwombo pa ulendo wake wa tsikulo, kukwera kwake ndi 90 kuchotsapo kusiyana kwa latitude ndi d. Titenge nyumba imene ili pa latitude +35. Pa 21 Juni kusiyanako ndi 11.55, dzuwa lakwera madigiri 78.45. Mu Malichi ndi Sepitembala ndi 55. Pa 21 Disembala kusiyana ndi 58.45, dzuwa limangofika pa 31.55. Manambala atatuwa ndiwo chiyambi cha ntchito yonse: nyengo yotentha dzuwa lili pamwamba, kadenga kakafupi ka pamwamba pa zenera kamalitchinga, nyengo yozizira lili m'munsi, limalowa pansi pa kadengako n'kufunditsa chipinda.

Kwa amene ali kummwera kwa ikweta zonse zimatembenuka: zenera loyang'ana ku ikweta ndi la kumpoto, ndipo dzuwa limakwera kwambiri mu Disembala. Pakati pa latitude +23.45 ndi −23.45 pali chinanso chimene ambiri amaiwala. Kumeneko dzuwa limadutsa mbali zonse ziwiri. Pa latitude +10 mu Juni, masana dzuwa limakhala kumpoto kwa nyumba pa madigiri 76.55, pamene mu Disembala limakhala kummwera pa 56.55. Makoma onse awiri amafuna mthunzi.

Pa maola ena tigwiritsa ntchito h, amene amawonjezeka ndi madigiri 15 pa ola lililonse kuchoka pa 12 koloko ya dzuwa, nthawi imene dzuwa lili paliwombo. Pa 4 koloko masana h ndi 60.

sin ya kukwera = sin latitude × sin d + cos latitude × cos d × cos h

Nthawi ya dzuwa si ya pawotchi. Zimasiyana ndi mphindi 4 pa digiri iliyonse imene malo atalikirana ndi mzere umene nthawi ya dzikolo imatengerapo, kuphatikizapo kusinthasintha kwa m'chaka komwe kumafika mphindi pafupifupi 16, ndi ola lathunthu m'mayiko amene amasuntha wotchi nyengo yotentha. Mbali imene dzuwa lili pa ola limenelo mutha kuiwerenga pa chithunzi cha njira ya dzuwa cha latitude yanu, kapena pa kakyuleta ya dzuwa ya NOAA, bungwe la ku United States loona za nyengo, imene ili pa intaneti.

Sandutsani zimenezi kukhala ngodya za pakhoma

Khoma silidziwa za kumpoto kapena kummwera, limangodziwa kuti dzuwa likulibwerera chamaso kapena cham'mbali. Choncho tifunika ngodya ziwiri. Yoyamba, yolembedwa HSA m'mabuku a zomangamanga, ndi kusiyana kwa mbali ya dzuwa ndi mbali ya zenera. Ikakhala 0 dzuwa lalunjika pazenera. Ikapitirira 90 dzuwa lili kuseri kwa khomalo, palibe chowerengetsa. Yachiwiri ndi VSA, kukwera kwa dzuwa monga mmene kungaonekere mutaidula nyumba n'kuiyang'ana cham'mbali:

tan VSA = tan ya kukwera ÷ cos HSA

Kadenga ka pamwamba pa zenera kamayendera VSA. Tizipupa ta m'mbali mwa zenera timayendera HSA. Kutsika kwa mthunzi pakhoma ndi kutalika kwa kadenga kuchulukitsa ndi tan VSA. Kufalikira kwa mthunzi wa kachipupa ndi kutalika kwake kuchulukitsa ndi tan HSA.

Yezani kadenga

Apa m'pamene ndikufuna tichedwepo. Zenera lathu layang'ana kummwera ndendende, pa latitude +35. Msinkhu wake ndi mamita 1.2, m'lifupi 1.5, ndipo kadenga kadzakhala mamita 0.3 pamwamba pa galasi. Kuchoka pansi pa kadenga kufika m'munsi mwa galasi ndi mamita 1.5.

Funso loyamba si la masamu, n'la nyengo: kodi mukufuna mthunzi wathunthu kuyambira liti mpaka liti? Ambiri amathamangira 21 Juni poti ndi tsiku limene dzuwa limakwera kwambiri. Mukatero mupeza kadenga ka masentimita 31 okha, kamene kagwire bwino ntchito masabata ochepa, pamene kutentha kwenikweni kumafika pambuyo pake, mu Julayi ndi Ogasiti. Tisankhe kuti galasi lonse likhale mumthunzi masana kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Nthawi zimenezo d ndi pafupifupi +10, dzuwa limakwera madigiri 65, ndipo tan 65 ndi 2.145.

1.5 ÷ 2.145 = mamita 0.70

Tsopano yesani kadenga komweko pa nyengo zina. Mu Malichi ndi Sepitembala tan 55 ndi 1.428, mthunzi utsika mita 1.0. Chotsanipo 0.3 wa pakhoma, patsala 0.7 pagalasi la 1.2, kutanthauza kuti magawo 58 pa 100 aphimbika. Pamasiku awiri amene d ndi 0, VSA ya khoma loyang'ana ku ikweta sisintha tsiku lonse, ndiye yankho limeneli ndi la m'mawa, masana ndi madzulo omwe. Pa 21 Disembala tan 31.55 ndi 0.614, mthunzi utsika 0.43, pagalasi pagwera 0.13 okha, magawo 11 pa 100. Dzuwa la nyengo yozizira lalowa pafupifupi lonse.

Taonani ntchito ya mpata wa 0.3 uja. Ndiwo walandira mthunzi wa mu Disembala m'malo mwa galasi. Kadenga kogunda pamutu pa zenera kangakhale kakafupi, inde, koma kamaba dzuwa nthawi imene mukulifuna, ndipo m'mwamba mwa galasi simuona dzuwa chaka chonse.

Pali malire amene kadenga ka konkire sikangawoloke. Dzuwa la pakati pa Epulo ndi la kumapeto kwa Ogasiti limayenda njira imodzi, koma m'madera ambiri a kumpoto kwa ikweta Epulo akadali wozizirirapo pamene Ogasiti ndi ng'anjo. Chotchinga chosasuntha sichisiyanitsa miyezi iwiriyi. Ngati kusiyanako n'kwakukulu kwanuko, kadenga kakhale kapakatikati, muwonjezere chotchinga chotsegula ndi kutseka.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono: kutalika kwa kadenga kuyezedwe kuchokera pankhope ya galasi, osati ya khoma, chifukwa zenera lolowa m'kati mwa khoma lapindula kale ndi masentimita amenewo. Ndipo kadenga kapitirire zenera mbali zonse ziwiri, apo ayi dzuwa la 10 koloko m'mawa ndi la 2 koloko masana lidzazemba m'mphepete. Masamu a pamwambawa akutenga ngati kadengako n'kakatali mokwanira m'mbali.

Zenera la kumadzulo

Sunthirani zenera lomwelo ndi kadenga kake kukhoma la kumadzulo, madigiri 270. Tsiku ndi 21 Juni, 4 koloko ya dzuwa. Sin ya kukwera ndi 0.5736 × 0.3979 kuphatikiza 0.8192 × 0.9174 × 0.5, zomwe zikupereka 0.604, ndiye kuti madigiri 37. Dzuwa lili pafupifupi madigiri 275, HSA ndi 5 basi, VSA ikungokhala 37 yomweyo. Tan VSA ndi pafupifupi 0.76, ndiye mthunzi utsika 0.7 × 0.76, mamita 0.53. Chotsanipo 0.3, patsala 0.23. Kadenga kamene kummwera kanaphimba galasi lonse, kuno kaphimba magawo 19 pa 100.

Kuti kaphimbe lonse pa ola limeneli kayenera kutalika pafupifupi mamita awiri. Pofika 5 koloko dzuwa latsika pa madigiri 25 ndipo pafunika mamita opitirira atatu. Limenelo si kadenganso, ndi khonde. Tizipupa ta m'mbali natonso sitithandiza: ka theka la mita, pa HSA ya madigiri 5, kamapereka mthunzi wa masentimita 4.

Ola limeneli ndi loipa pachifukwa china. Mpweya wa panja umafika pachimake cha kutentha masana dzuwa litapendeka, makoma atamwa kale kutentha tsiku lonse. Ngati pulani ikadali papepala, chepetsani galasi la kumadzulo. Ngati sizingatheke, ikani chotchinga chakunja choima kutsogolo kwa galasi lenilenilo: zitseko za pazenera, timatabwa topendekeka, kapena nsalu yolimba yotsitsa ndi kukweza. Zenera la kummawa lili ndi masamu omwewo motembenuza, kungoti m'mawa nyumba imakhala ikadali yozizira.

Musaiwale zotchinga zakutali

Malamulo ambiri amasiyanitsa zotchinga zapafupi, zimene ndi mbali ya nyumbayo, ndi zakutali monga nyumba ya patsidya kapena phiri. Yezani kuchokera pakati pa zenera. Ngati denga la nyumba ya patsidya lapitirira pakati pa zenera lanu ndi mamita 12 ndipo lili pa mtunda wa mamita 20, gawani 12 ndi 20 mupeza 0.6, imene ndi tan ya madigiri 31. Dzuwa likakhala mbali imeneyo pansi pa madigiri 31, zenera lili mumthunzi. Pa chitsanzo chathu cha zenera loyang'ana kummwera, dzuwa la mu Disembala limangofika 31.55, kutanthauza kuti phindu lonse la nyengo yozizira lija nyumba ya patsidya yalidya, pamene mu Juni sikutchingirani kalikonse. Chitani zimenezi pa zigawo za madigiri 10 kapena 15 kuzungulira kutsogolo kwa zenera.

Za mitengo, funsani lamulo lanu musanaiwerengere. Approved Document O silola kuwerengera masamba a mitengo, ngakhalenso makatani ndi zotchinga za m'kati, chifukwa mtengo utha kudulidwa ndipo katani itha kuchotsedwa ndi wolowa m'nyumba mawa. Dzalani mitengo ndithu, ndi yabwino, koma masamu aime paokha popanda iyo.

Sandutsani mthunzi kukhala mawati

Galasi lililonse lili ndi nambala yotchedwa g, ku America amati SHGC, yosonyeza gawo la mphamvu ya dzuwa limene limathera m'kati. Galasi loyera limodzi lili cha pa 0.85, lophatikiza awiri cha pa 0.75, lopangidwira kubweza dzuwa limatsika kufika 0.4 kapena kucheperapo. Mukapeza nambala yakale yolembedwa SC, ichulukitseni ndi 0.87 kuti ikhale g. Kusokoneza ziwirizi n'kofala.

Njira ya mu muyezo wa padziko lonse wa ISO 13790, yomwe inalowedwa m'malo ndi ISO 52016-1 mu 2017, ndi yosavuta kuitsatira papepala. Tengani kukula kwa zenera, chotsanipo felemu, chulukitsani ndi g, kenako ndi mphamvu ya dzuwa imene yafikadi pagalasi. Nambala ya g ya wopanga galasi imayezedwa kuwala kukugwa molunjika, choncho imachulukitsidwa ndi 0.9 poti dzuwa nthawi zambiri limabwera chopendekeka. Zenera lathu ndi masikweya mita 1.8. Felemu ikatenga gawo limodzi mwa anayi, galasi ndi 1.35. Ndipo pa galasi lophatikiza awiri, g ndi 0.75 × 0.9, pafupifupi 0.68.

Mphamvu ya dzuwa igaweni pawiri. Pali yochokera ku dzuwa molunjika, ndi yobalalika yochokera kuthambo lonse ndi yonyezimira kuchokera pansi. Gawo la mthunzi limene tapeza lija limakhudza yolunjika yokha. Yobalalika kadenga kamangoichepetsako pang'ono, n'chifukwa chake zenera lophimbika lonse limalowetsabe kutentha. Manambala enieni muwatenge m'mafayilo a nyengo amene lamulo lanu limavomereza. Pano tingoyerekeza kuti pakhoma la kumadzulo pa 4 koloko pakugwa mawati 600 olunjika ndi 150 obalalika pa sikweya mita.

Popanda chotchinga: 750 × 1.35 × 0.68, pafupifupi mawati 690. Munthu wongokhala pansi amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100, ndiye kuti zenera limodzili lili ngati anthu asanu ndi awiri olowa m'chipinda mwakachetechete. Ndi kadenga kaja, olunjika atsika kufika 486, obalalika tinene 120, ndipo zotsatira ndi mawati pafupifupi 560. Ndi chotchinga chakunja chotseka, chimene pamodzi ndi galasi chili ndi g wa 0.15, mawati atsika kufika 150 kapena kupitirirako pang'ono. Nambala yophatikiza galasi ndi chotchinga imeneyi imalembedwa g-tot, imawerengetsedwa motsatira ISO 52022, ndipo wopanga chotchinga ayenera kukupatsani ya mtundu wa galasi limene mukuika. Chotchinga chomwecho chikaikidwa m'kati sichifika pamenepa, chifukwa chimagwira kutentha kutalowa kale.

Lembani mmene lamulo lanu likufunira

Pano m'pamene mayiko amasiyana. ASHRAE 90.1 imafuna nambala yotchedwa projection factor: kutalika kwa kadenga kugawa ndi mtunda wochoka m'munsi mwa galasi kufika pansi pa kadengako. Yathu ndi 0.7 ÷ 1.5, kapena 0.47, ndipo tebulo la m'lamulomo limakuuzani kuti SHGC ichepetsedwe bwanji. Njira yachidule ya Approved Document O, m'madera amene chiopsezo cha kutentha n'chachikulu monga mbali zina za London, imalola zitseko zakunja zolowetsa mpweya, kapena galasi la g wosapitirira 0.4 lolowetsa kuwala kosachepera 0.7, kapena kadenga kotchinga dzuwa la madigiri 50 kupita m'mwamba, koma kadengako pakhoma loyang'ana kummwera lokha. Mwaona kale chifukwa chake. RE2020 imafuna kuti miyeso ya zotchinga zapafupi ndi zakutali ilowetsedwe mu pulogalamu yovomerezeka, ndipo nthawi zambiri nyumba ikapitirira 1250 pa muyezo wa DH, wophatikiza maola a kutentha ndi kukula kwa kutenthako, yalephera.

Kulikonse kumene muli, werengani tanthauzo la muyezo uliwonse m'lamulomo musanalembe. Ena amayeza ngodya kuchokera pakati pa zenera, ena m'munsi mwake. Ndipo onani mbali zonse ziwiri za chaka. Kuchulukitsa mthunzi mufomu kumakometsa zotsatira za nyengo yotentha, kuuchepetsa kumakometsa za nyengo yozizira, ndipo konseko wovutika ndi amene adzagone m'chipindamo. Onaninso kuwala: chipinda chotchingidwa mopyola chimayatsitsa magetsi masana, ndipo malamulo ngati RE2020 amawerengera zimenezonso.

Kayezeninso pomanga

Lembani pa pulani miyeso yonse itatu, kutalika kwa kadenga kuchokera pagalasi, mpata wa pamwamba pa zenera, ndi kupitirira kwa m'mbali, ndipo muwauze omanga kuti si zokongoletsa. Konkire isanathiridwe pitani ndi tepi. Kadenga kathu kakafupikitsidwa kuchoka pa 0.7 kufika 0.5, mthunzi wa kumapeto kwa Ogasiti utsika mamita 1.07 m'malo mwa 1.5, ndipo masentimita 43 a m'munsi mwa galasi akhala padzuwa masana. Mukapeza kuti zasintha ndipo sizingabwezedwe, werengetsaninso ndi muyezo watsopanowo, mukonze fomu, muone ngati pakufunika kuwonjezera chotchinga chakunja zenera lisanaikidwe.